Tsitsi Loteteza Nkhwali

Madala oyandikana nafe ku Romford, kuno kwa azungu, amadana ndi nkhandwe. Kuseri kwa dimba lawo nkhwali zimaikira pansi, nkhandwe n'kumadzadya mazirawo. Mfuti alibe, ndiye Loweruka amakwera basi kukapempha tsitsi kwa ometa ku Peckham, n'kumaliwaza mozungulira chisa. "Nkhandwe imaopa fungo la munthu," amatero.

Mu 2006 ometawo anawakaniza, ati makasitomala akunong'ona za ufiti. Ine, nditangobwerako ku Blantyre komwe ndinalephera kukhazikika, ndinaseka kuti zoterezi zafikanso kuno. Madala sanaseke, poti nkhwali inali itafungatira kale.

"Mwanawe, madiredi akowo amakugwirira ntchito yanji?" anandifunsa, akuyang'ana tsitsi langa.

Anandimeta mpala pakhonde pawo, n'kukawaza tsitsilo mozungulira chisa. Mazira ataswa, anandikuwira pampanda: "Bwera udzaone ana ako!"