Foni yanga idalira kawiri m'bandakucha

Tadala, mwana wa mlongo wanga, amakhala ku Njuli ndipo ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ali ndi ina yomwe imatumiza uthenga pafoni kukumbutsa amayi a cha ku Namitambo kuti lero n'kusikelo. Uthengawo ukapanda kufika, ana ena amaphonya katemera.

Sabata yathayi ndidamupeza nkhope ili gwa. Akuti kampani yakunja yomwe makina ake amayesa okha pulogalamuyo, kuimanga ndi kuidzutsa m'mawa uliwonse, ikutseka. Ankayenera kusamutsira zonsezo ku kampani ina sikelo ya Lachisanu isanakwane.

"Ndiye ungonyamula n'kukatula uko," ndidatero ine, katswiri wa khasu.

"Amalume, nkhuku mukaisamutsa mumangoimasula tsiku lomwelo? Zakalezo ndizisiya zikuyenda, zatsopano ziyendere pambali. Nambala yoyesera ikhala yanu. Foni ikalira kawiri, mundiuze."

Madzulo ake makina atsopano adaonetsa kachizindikiro kobiriwira, kusonyeza kuti zonse zili bwino. Tadala adavina pakhonde mpaka agalu kuuwa. Inenso ndidakondwa, ngakhale sindinkadziwa chomwe ndikukondwerera.

Kutacha foni idalira kamodzi kokha. Ndidaisiya pawindo monga mwa masiku onse, n'kupita kudimba ku Kadewere. Pobwerako ndidapeza uthenga wachiwiri uli phee, utafika dzuwa litakwera kale.

"Wafika, koma wapeza ndachoka," ndidamuuza Tadala nditafika kwawo.

Adangoti kukamwa yasa, kenaka n'kuphulika kuseka. Makina atsopanowo amayendera nthawi ya kwawo, yotsalira ndi maola awiri. Pa akale aja, wina adakonza wotchiyo kalekale ndipo aliyense adaiwala kuti idachita kukonzedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chizindikiro chidali chobiriwira ndithu, koma ndi mayi uti wakuno amakhala pakhomo nthawi imeneyo kudikira foni? Akadauona masana, sikelo itaweruka.

Kodi si mmene timasamukira ifenso? Mpingo ukamanga tchalitchi chatsopano timanyamula mabenchi ndi belu, koma Lamulungu loyamba timapeza chitseko chokhoma, poti amene ankatsegula chakale adali woyandikana nacho ndipo palibe adamutuma. Komiti ya mjigo ikasintha, atsopano amalandira sipanala, osauzidwa kuti mpopewo umafuna girizi. Zooneka timanyamula bwino. Zomwe zinkangochitika zokha timazizindikira tsiku lomwe zaleka.

Ndipo changu chathu pogwetsa chakale! Denga la nyumba yatsopano lisanaone mvula, yakale taphwasula kale.

Tadala adakonza wotchiyo ndisanamalize n'komwe tiyi yemwe adandipatsa. Lachisanu m'bandakucha foni idalira, isanapume n'kuliranso. Ndidadzuka ngati mnyamata, n'kumuimbira ndikufuula kuti afika onse awiri limodzi. Iye kumeneko adakuwa ndi chimwemwe, ndipo tsiku lomwelo adazimitsa makina akale.

Mayi akunyumba adandiyang'ana ali pamphasa.

"Bambo, mwana wathu womaliza ali ndi ndevu. Kusikeloko mukapita ndi ndani?"

Ndidatuluka ndi khasu, ndipo pamsewu wopita ku Namitambo ndidakumana ndi amayi atabereka ana, akuyenda mofulumira mame asanaume.