Nthambi za Paini za Bambo Kalonga

Bambo Edwin Kalonga anayendetsa malole zaka khumi ndi zisanu pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, m'chifunga cha ku Dedza, osagundapo ngakhale mbuzi. Atafika ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja, anapeza ntchito yoyendetsa chigalimoto chokankha sinowo, chipale chofewa chija, mumsewu. Anali munthu wosayankhulayankhula. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, chipewa chili pamaondo.

Chimene chinawapsetsa mtima ndi nyali zakumbuyo kwa chigalimotocho. Kampani inachotsa mababu akale n'kuika a LED, owala kwambiri koma osatentha. Akale aja ankasungunula okha sinowo. Atsopanowa ankangomatika, moti pakapita kanthawi chigalimoto chonsecho sichinkaonekanso kumbuyo. Woyendetsa ankayenera kuima, kutsika, n'kumapukuta ndi dzanja magalimoto akudutsa.

Umo ndi mmene Luke, mnzawo wa ku Chipata, anathyokera chiuno. Galimoto inamuwomba akupukuta, masanasana.

Mawa lake a Kalonga ataima kuti apukute, anayamba athyola nthambi za paini n'kuzindandalika mumsewu, monga timachitira kwathu lole ikafa. Palibe anamva tanthauzo lake. Mayi wina anaimbira kampani foni kuti woyendetsa akutaya zinyalala.

Harry, bwana wawo, anawaitana akuseka.

"Edwin, ukudzala nkhalango? Kuno si kwanu."

"Kwathu nthambi imaoneka," anatero a Kalonga. "Nyali zanuzi ndiye ayi. Zilipo zagalasi lotentha, ndakuuzani kangati? Luke ali m'chipatala, inu mukuseka nthambi?"

"Tikuziganizira. Pita ukagwire ntchito."

A Kalonga anaika makiyi patebulo. "Kakwereni nokha."

Kunyumba akazi awo, mayi Anastazia, anagwira kumutu. "Bambo a Sungeni, mwarizaina? Sinowo ili pakatikati chonchi?"

"Mufuna ndizibwera ndi miyendo yanga kapena m'bokosi?"

Mayi aja anangokhala pansi.

Patapita milungu itatu, oyendetsa ena nawo atakana kukwera, kampani inaika nyali zotentha zija. Inalembanso kalata yodzitama kuti imasamala moyo wa antchito ake. M'kalatamo munalibe dzina la Luke. Koma a Kalonga kampaniyo sinawaitanenso.

Pano amanyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu. Chigalimoto cha sinowo chikamadutsa amaima pawindo, osayang'ana woyendetsa, koma nyali zakumbuyo. Zikakhala zoyera amagwedeza mutu n'kukakhala pansi. Zikakhala zomatika amatsonya, n'kutenga foni kuimbira kampani.