Mlimi wa Njuchi wa ku Tumbine

Bambo oyandikana nafe nyumba amaweta njuchi m'phiri la Tumbine. Sapsa mtima msanga, koma mafunso ndiye sawathera.

Chaka chatha a ku distrito anawalola kupachika ming'oma m'nkhalangomo. Posakhalitsa kunabwera bwana wochokera ku Maputo, nati ichotsedwe poti nthaka yonse ndi ya Estado, ndiye kuti boma la dziko lonse. Bambowa anamupatsa mpando.

“Bwana, ndiuzeniko, Estado ameneyu anakwerapo phirili? Amaidziwa mitengo imene imachita maluwa mvula isanagwe?”

Bwanayo anaseka. “Sanakwerepo, bambo.”

“Ndiye mawa tikwere limodzi, mukamufotokozere.”

Anakweradi. Bwana anatsika tsaya litatupa, botolo la uchi lili m'manja, nalonjeza kukambirana ndi a ku distrito. Mpaka lero akukambiranabe, ndipo ming'oma ikadali m'mitengo.