Andiimitsira opaleshoni chifukwa sindidziwa chomwe chinapha mayi anga

Opaleshoni yanga inayenera kuchitika Lachinayi lapitali, 7:30 m'mawa. Sinachitike. A inshuwalansi anaiimitsa Lachiwiri, 4:10 madzulo, nditamwa kale mkaka masiku khumi ndi awiri. Chifukwa chake? Kabokosi kamodzi pa tsamba lachinayi la fomu yawo.

Sindikonda kulemba pano pagulu lathu la ife okhala kunja kuno. Ambiri mumandidziwa, ndine uja ndimakhala kumbuyo kutchalitchi, nyimbo yomaliza ikatha ndimapita kukakwera basi ya ku Maryhill komwe ndimakhala. Koma ndatopa, ndipo mwina wina apulumukirapo.

Ndimalemera makilogalamu 128. Ndili ndi shuga. Ndimakhala pamwamba penipeni m'nyumba yopanda chikepe, ndipo pokwera masitepe ndimaima kawiri kuti mawondo apume. Dokotala anati opaleshoni yochepetsa chifu ingandithandize. Kuntchito kwathu kuli inshuwalansi yomwe imalipira opaleshoni imeneyi, bola ukwaniritse zomwe akufuna.

Ndinakwaniritsa. Miyezi isanu ndi umodzi ndikukakwera sikelo kwa nesi ku Shawlands, Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Sindinaphonyepo. Woona za kadyedwe ndinakumana naye katatu, woona za maganizo kamodzi. Anandiyeza magazi, anandiyeza kapumidwe. Pepala lililonse lili mu fayilo yanga yobiriwira.

Tsamba lachinayi limafunsa za makolo. Mayi ali moyo? Ngati ayi, anamwalira ndi matenda anji? Bambo chimodzimodzi. Ndinalemba kuti sindikudziwa, chifukwa sindikudziwadi. Mayi anamwalira ndili ndi zaka zitatu, bambo chaka chotsatira. Anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, ku Ntcheu. Kwathu mwana safunsa chomwe chinapha makolo ake. Amangokuuza kuti anadwala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Fomuyo anailandira miyezi isanu yapitayo. Palibe ananenapo kanthu. Chipatala chinandipatsa tsiku. Nesi anati masabata awiri omaliza ndizimwa mkaka wokhawokha kuti chiwindi chichepe, dokotala asadzavutike kufika pachifu. Mapainti atatu patsiku, pafupifupi malita awiri, timayogati tiwiri, madzi. Basi. Tsiku lachitatu mutu unkachita kugunda. Lamulungu amayi a kutchalitchi anabweretsa mandasi ndi mpunga wa nkhuku, ine ndili ndi botolo la madzi m'manja. Mmodzi wa iwo, Anachisale, anandifunsa ngati ndikusala. Ndinati eya.

Ndiye Lachiwiri foni inalira ndili kuntchito. Mayi wa ku inshuwalansi, wa mawu okoma, anati sangatulutse chilolezo chifukwa tsamba lachinayi sindinadzaze. Ndinati ndinadzaza. Anati kompyuta yawo ikaona “sindikudziwa” imawerenga ngati palibe cholembedwa. Anandifunsa ngati dokotala wa mayi anga angalembe kalata. Ndinati mayi anamwalira zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, kumudzi, pamphasa. Anati pepani kwambiri. Kenako anafunsa za chiphaso cha imfa. Ndinati kulibe. Ndinamva akulemba pakompyuta, kenako anati:

“Nanga dokotala wa bambo anu?”

Dokotala wake uti? Ali ndi imelo? Ndikamupeze kuti, kumanda?

Sindinanene zimenezo. Mayiyo anati ndifunse wachibale aliyense wodziwa, ndiwalembere yankho isanakwane 12 koloko masana Lachitatu, apo ayi za Lachinayi ndiiwale.

Wodziwa alipo mmodzi yekha. Ndipo agogo ndinali ndisanawauze za opaleshoni.

Mundimvetse apa. Agogo atanditenga ndinali kamwana kowonda, ndipo anthu ankanena poyera kuti akanso sikachedwa. Ndinkamva. Mwana wachete amamva zambiri. Agogo sanakangane ndi munthu, anangolimbikira kundidyetsa. Mpaka lero chithunzi chilichonse chomwe ndatumiza amayenda nacho mudzi wonse, kuti taonani mwana wanga mmene wanenepera. Thupi langali ndilo yankho lawo kwa anthu aja. Ndinkati ndidzawauza zonse zitatha, ataona ndi maso kuti ndili bwino.

Lachitatu 6 koloko m'mawa ndinaimbira msuweni wanga Esinati, amene amakhala pafupi ndi agogo, kuti awapatsire foni. Tinapatsana moni. Anafunsa za mvula ya kuno. Ndinazungulira, ndinazungulira, kenako ndinanena kuti madokotala akufuna kudziwa chomwe chinapha mayi ndi bambo. Anafunsa kuti akufuna adziwirenji, kodi ndikudwala? Sindinathe kuwanamiza. Ndinawauza kuti akufuna kundichepetsa chifu kuti thupi litsike.

Ndinkamva nkhuku kuseri kwa foni. Kenako agogo anati:

“Mayi ako anatupa miyendo. Bambo ako ankatsokomola. Onse awiri anawonda mpaka ndinkawanyamula ndekha popita nawo kubafa. Ndiye iwe ukufuna kuwonda?”

Ndinati agogo, si choncho, ndi shuga, ndi mawondo. Amene anayankha ndi Esinati. Anati agogo alowa m'nyumba.

Ndinalemba imelo. Mayi: kutupa miyendo. Bambo: chifuwa. Ndinatumiza 9:05. Zii. Ndinaimba 10:50, ndinadikira mphindi 38 ndikumvetsera kanyimbo kawo. Anayankha munthu wina, bambo. Anati wawerenga, koma zomwe ndalembazo si mayina a matenda, kompyuta singazilandire. Ndinamuuza kuti ndine mwana wamasiye, ndipo munthu yekhayo amene anaona makolo anga akumwalira wandiuza zonse zomwe akudziwa. Anati ndidikire afunse bwana wake. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Atabwerera anati oo, pali kabokosi kena ka anthu amene sanakule ndi makolo awo. Kali pa kompyuta yawo, pa fomu yanga palibe. Anachonga. Anati basi, zatheka.

Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti mawa ndipite kuchipatala. Anati ayi, chilolezo chimatuluka pakatha masiku asanu a ntchito. Ndiye kuti za 12 koloko zija zinali zopanda ntchito. Ndinaimbira kuchipatala. Nesi anadandaula nane, koma anati popanda nambala ya chilolezo sangandisungire bedi, apereka kwa wina. Tsiku lina lopezeka lili patsogolo masabata khumi. Ndinaimbiranso a inshuwalansi. Anati pofika nthawi imeneyo zolemba za sikelo mwina zidzakhala zitatha ntchito, mwina ndidzayambirenso miyezi isanu ndi umodzi ija, andiuza pakalata. Mwina. Pomaliza anandifunsa ngati pali china chomwe angandithandize lero.

Mphamvu yokalipa ndilibe. Ndangotsala ndi mafunso. A inshuwalansi, fomu yanga inakhala kwa inu miyezi isanu, inkachita chiyani? Munkadikira ndiyambe ndamwa mkaka? Kabokosi ka ana amasiye mumakabisiranji? Mayi wa Lachiwiri uja ndinamuuza kawiri kuti makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, sanakaone bwanji? Ndikufuna mayankho olembedwa, osati pepani wa pafoni. Ndipo ndikufuna mundilembere kuti miyezi yanga isanu ndi umodzi ikuwerengedwabe. Sikelo ija ndinaikwera ndine, sinali kompyuta yanu.

Anzanga amene muli panjira yomweyi, musayambe mkaka musanagwire nambala ya chilolezo m'manja. Chipatala chikakupatsani tsiku sindiye kuti a inshuwalansi avomera. Ngati makolo anu anamwalira kumudzi popanda pepala, imbani lero lomwe, munene kuti achonge kabokosi kaja, mulembe dzina la amene mwalankhula naye ndi nthawi yake. Musavutitse okalamba anu pachabe ngati mmene ndachitira ine.

Mufiriji mwanga mudakali mapainti asanu ndi limodzi a mkaka. Agogo sanabwerenso pafoni. Esinati akuti achotsa chithunzi changa pakhoma, achiika m'Baibulo mwawo, momwe muli cha mayi.

A inshuwalansi, tsiku langa mundibwezere. Zinazo simungathe.