Piyano ya a Chikadza ndi mkulu wa maiki

Loweruka lapitali ndinali mu holo ya sukulu ina pa Nsaru kukamvera a Fanuel Chikadza akuimba piyano. Ndati kukamvera, koma musandifunse zimene ndinamva.

A Chikadza ndi mwana wa konkuno. Anaphunzira kuliza limba la m'tchalitchi ali mnyamata, kenako moyo wawo wonse anathera m'mahotela a ku Joni akuimba jazi. Tsopano zala zayamba kuuma ndi nyamakazi. Asanasiyiretu, ajambula chimbale ndi anzawo awiri, wa ng'oma ndi wa chibesi chotalika ngati munthu. Muli nyimbo zakalekale zimene oimba jazi amazibwereza aliyense mwa njira yake, popanda mawu.

Anzawowo anabwera nawo kumudzi chifukwa cha munthu mmodzi: alongo awo a Naphiri, amene anawalera makolo atamwalira. Mayiwa sanawamvepo mlongo wawo akuimba chichokereni kumudzi, ndipo miyendo inawakana kalekale. Anabwera pa ngolo, nakhala kutsogolo kwenikweni.

Tsoka ilo, komiti ya sukulu inapeza woyendetsa mwambo, mkulu wina wotchuka pa maukwati. Piyano itayamba, mkuluyu anadikira woimba. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Ataona kuti palibe amene akutsegula pakamwa, anadziwa kuti mwambo ukugwa, ndipo anadzipereka kuupulumutsa.

"Pamene abale athuwa akuyesa zida, tiyeni tiwaombere m'manja apampando a komiti ya sukulu!"

Akuyesa zida! Munthu ali pakati pa nyimbo.

Atatha apampando, tinalandira achiwiri awo. Tinamva za mwini njinga yamoto imene inatseka pakhomo. Pamene piyano ndi ng'oma zinafatsa kuti besi imveke yokha, mkulu uja anakuwa: "Anyamata a jenereta, kodi kwagwanji kumeneko?"

Musamuseke yekha, abale anga. Kwathu kuno nyimbo yopanda mawu timaiyesa mphasa yoyalira zolankhula. Bata timaliopa koopsa. Pitani ku msonkhano wa kalabu ya alimi: mlangizi amene tamuitanira za mbozi m'chimanga amapatsidwa mpata dzuwa litapendeka, titatha kulonjera aliyense wovala jekete. Pamaliro namfedwa amakomoka ndi njala tikumvera mbiri ya olankhula, osati ya malemu. Kodi ndi liti pamene tinasonkhana n'kutseka pakamwa kuti timve chimene tabwerera?

Ine ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinayang'ana a Chikadza ndikuyembekeza kuti aimirira n'kulanda maikiyo. Ayi ndithu. Anangoweramira piyano yawo, thukuta lili kamukamu, mpaka nyimbo yomaliza. Itatha, mkulu wa maiki anatithokoza tonse chifukwa chomvetsera mwachidwi.

Anthu akutuluka, a Chikadza anapita kukagwada pafupi ndi alongo awo. Ndinali pomwepo. A Naphiri anawagwira dzanja, nkhope ili ngwee.

"Fanuel, nanga uyamba liti? Ine ndakhala ndikudikira kuti bambowa atsirize kulankhula."

A Chikadza anayang'ana zala zawo zotupa. Kunja anyamata anali atakweza kale piyano mu lole.

Inu akuluakulu a maiki, mawu simusowa. Tawayankhani mayiwa: ayamba liti?