Kabulangete m'nsapato

Lero ndapeza tsamba lotuwa, laubweya, litamatirira pa sokosi ya mwana wanga. Nditalinunkhiza, ndakumbuka nsapato zanga zoyamba.

Kwathu ku Nachisaka chomera chimenechi timachitcha kabulangete. Chimamera m'phiri, maluwa ake ndi achikasu, ndipo ngakhale moto wolusa udutse, chimaphukanso.

Nsapato zija zinali zouma gwa, zinkandiotcha matuza. Lamulungu lina ndikutsimphina pochokera kutchalitchi, anandiimitsa mayi wina wa pa esiteti ya fodya, wochokera ku Mulanje. Anathothola masamba a kabulangete n'kuwayala m'nsapato mwanga. Ndinafika kunyumba ndikudumpha.

Amayi anga atawaona masambawo, nkhope inagwa.

"Wakuikira ndani zimenezi?"

M'mawa mwake anandikoka dzanja mpaka kuchigafa kumene mayi uja ankasoka fodya.

"Mayi, mwana wangayu mwamupondetsa chiyani? Mukufuna kumulanda nzeru za kusukulu?"

"Pepani mayi, chinangondigwira chisoni," anayankha motsitsa mawu. Anatsitsa khanda lake kumsana n'kulitukula chibwano. M'khosi mwake, mmene munali mosupuka, munali masamba omwewo.

Amayi anayang'anitsitsa, osaphethira.

"Wanuyo ndi wanu," anatero. "Wangayu musadzamukhudzenso."

Pobwerera anandivula nsapato, n'kuzikutumula mpaka kaubweya komaliza. Nditavalanso, matuza aja anayamba kulasa ngati moto. Tinayenda pang'ono, ine ndikukoka mwendo. Kenaka amayi anaima, anacheuka uku ndi uku, anapatukira patchire n'kubwera ndi masamba odzaza dzanja.

"Bweretsa phazilo. Awa ndathyola ndine."