Tsiku Limene Mkazi Wanga Analawa Mpunga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu wakunja, ngakhale shehe wa kumzikiti kwathu. Ndikuilemba ndekha, ndi dzanja lomwe linaphunzira cholembera kusukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi.

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe nandolo anagwa mtengo pamsika wa Nsanama. Anzanga ankati ulendo wotere ndi wa anyamata. Mkazi wanga, Abiti Saidi, sananditsutse. Anangokazinga mtedza wa paulendo n'kundiperekeza pamsewu.

Kumeneko ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa dona wina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo amene ndinkacheza naye kwambiri anali galu wa pakhomopo. Tsiku lina ndinachita chizungulire ndikutchetcha kapinga. Kuchipatala anati shuga wayamba kukwera, ndizisamala zakudya. Dona, pofuna kundithandiza, anandiikira m'foni kanthu kowerengera makalori, ndiye kuti nambala yosonyeza mphamvu ya chakudya chilichonse. Anandipatsanso kasikelo ka kukhitchini.

Poyamba ndinkanyadira. Ine amene ndinakula osadziwa nambala, tsopano ndinkawerenga timalemba ta kuseri kwa paketi ya buledi. Kenako nambala zija zinandikwera pamutu. Nthochi ndinkaiyeza, kuisenda, kuiyezanso. Nambala ya lero ikaposa ya dzulo, ndinkazungulira mpanda wa dona mpaka kutoperatu. Ngakhale pa swala, ndikupemphera mphumi ili pansi, m'mutu ndinkaphatikiza masupuni a nyemba. Shuga anatsika, namwino anati ndizidya mokwanira, koma ndinakanika kusiya. Mkazi wanga akatumiza mawu pafoni kuti, "Mwadya, bambo a Asiyatu?" ndinkayankha kuti ndakhuta.

Wilibala itayamba kundikanika, dona anandilipira n'kunena kuti ndikapume kwathu.

Nditatsika basi pa Balaka, Che Jafali, mchimwene wa mkazi wanga, anandidutsa osandizindikira. Atabwerera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, anzanu amabwerako ndi mimba. Inu yanu anakulandani paboda?"

Anaseka yekha. Anandigulira chipisi cha pachiwaya, ndinati m'mimba simuli bwino.

Kunyumba anandiphera nkhuku. Ndinayang'ana mafuta ali yandeyande pamsuzi, mtima unagunda ngati ndakumana ndi apolisi ndilibe mapepala. Kasikelo kanali m'chikwama, koma ndinkachita manyazi kukatulutsa, ndipo chosayeza sichinkadutsa pakhosi. Ndinayamba kudziphikira chinangwa kuseri kwa bafa, komwe ndinkayeza mobisa. Mbale za Abiti Saidi zinkabwerera kukhitchini zili zodzaza.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinaiwala, koma iye sanaiwale. Kalekale, nditangolowa chikamwini pamudzi pawo ndinadwala, abale anga anati mkazi wandidyetsa mankhwala. Ndinakhulupirira, ndinamwaza mbale zake pamaso pa anthu. Nkhaniyo anaikonza ankhoswe. Ine ndi pakamwa panga sindinapepese.

Lachisanu lina tikuchokera kumzikiti, ndinapeza mphasa yayalidwa pakhonde, ndipo Che Jafali, yemwe ndiye nkhoswe wa mkazi wanga, sanapitirire kwawo. Anakhala pansi, nthabwala ziii. Abiti Saidi anabwera ndi mpunga, matemba ndi madzi. Anagwada, ananena Bisimila, n'kutapa mpunga ndi dzanja lake. Anadya. Anatapa ndiwo, anadya. Anamwa madzi a m'kapu yanga.

"Ndalawa," anatero. "Dikirani pang'ono. Mukaona ndagwa, musadye."

"Iyayi, Abiti..."

"Iyayi chiyani? Chinangwa cha kuseri kwa bafa chimalowa, changa ayi. Ngati maganizo aja abweranso, nenani pamaso pa achimwene, mutenge chikwama chanu mwaulemu. Ndakalamba ine. Sindingakhale mfiti kawiri m'nyumba mwanga momwe."

Mulungu andikhululukire. Mkazi wanga akulankhula choncho, misozi ili m'maso, ine m'mutu ndinkawerengera mpunga womwe anatapa uja. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndikudwala, ndipo si shuga.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kasikelo ndi foni, ndinaziika pamphasa. Ndinafotokoza movutika, mawu akudukaduka. Che Jafali anakatembenuza kasikelo kaja.

"Alamu, aka n'koyezera golide. Inu mumayezera mpunga?"

Mkazi wanga sanaseke.

"Ndiye mukuopa mpunga, osati ine?"

"Mpunga. Ndi kale lija, sunalakwe iwe. Ndinalakwa ndine."

Kenako Abiti Saidi anafunsa, "Ku Joni munkadya ndi ndani?"

"Ndekha."

"Nthawi yonse ija?"

"Ndekha."

Anadzuka n'kuchotsa mbale. Tsiku limenelo sindinadyebe, ndisaname. Ndinayesa, dzanja linakana. Ku Joni ukapanda kudya, nkhani imakhala ya mimba yako yokha. Kwathu ukakankha mbale, wakankha munthu, ndipo ine ndinali nditamukankha tsiku lililonse chibwerere, ndikuganiza kuti ndikusamala moyo.

Mpaka lero nambala zija sizinachoke. Zimabwera ndikangomva fungo la mafuta. Kuchipatala cha ku Balaka ndimakaonana ndi dokotala wa maganizo, ndipo amati zitenga nthawi. Masiku ena ndimaopa kuti nthawiyo ndilibe.

Koma mmawa wotsatira Lachisanu lija, ndinapita kukhitchini komwe amuna sakhalako, ndinakhala pamwala pafupi ndi mkazi wanga. Anali atapakula phala la mpunga lothira nsinjiro. Anatenga supuni kuti alawe. Ndinamugwira dzanja, ndinamulanda supuniyo, ndinatapa ndine woyamba. Phala lina linatayikira pamwendo panga. Lotsalalo ndinameza.